Shifiti Imene Sinathe 6 Koloko

Pa 1 Okutobala, Lachiwiri, mayi a Nesi anasita malaya oyera a amuna awo kawiri. Koyamba anasita 5 koloko m'mawa, kachiwiri hafu pasiti sikisi, ataona kuti kolala yapindika pamene anakoleka malayawo. Anali atakhala pa makina osokera zaka 26, ndipo kolala yopindika inkawawawa ngati dzino. Suti nayo anaikonza okha sabata yapitayo. Anabweza m'chiuno zala ziwiri, chifukwa chiyambire Febuluwale bambowo ankangoonda.

Amuna awo ankagwira ntchito pamalo oyeretsera madzi a mzinda wonse, kumtunda kwa mlatho. Anzawo ankawatchula kuti a Ndendende, poti ukawafunsa nthawi sankayankha kuti "cha m'ma 9", ankati 9 koloko yapitirira ndi mphindi zinayi. Shifiti yawo ya usiku inkatha 6 koloko m'mawa, ndipo kwa zaka 29 chitseko cha pakhomo chinkalira 7 koloko isanakwane. Tsiku limeneli anayenera kusamba, kumwa tiyi, n'kukafika ku ofesi ya ejenti wolemba anthu ntchito zakunja. Nthawi ya 10:45 akuluakulu a kampani ina ya madzi ya kutsidya la nyanja ankafuna kuwafunsa mafunso pa kompyuta, kwa mphindi 15.

Zopita kunja sizinali m'mutu mwawo chaka chisanayambe. Zinabwera ndi kalata ya pa 14 Febuluwale, yonena kuti thumba la penshoni linaika ndalama za antchito pa nyumba ya nsanjika 12 imene kumanga kwake kunaima pa nsanjika yachitatu, ndipo aliyense adzalandira magawo 11 pa 100 alionse a zimene anasunga. Pa 1 Epulo kampani inathetsa ntchito zokhazikika n'kuyamba kupereka makontrakiti a miyezi itatuitatu. Mwana wawo wamkazi, nesi amene anali kunja chaka chachitatu, ndi amene anapeza mwayiwo. Kumeneko ankafuna anthu odziwa madzi osakwana zaka 55. A Ndendende ankakwanitsa 55 pa 19 Novembala, ndipo mafunso ena anali a mu Malichi.

Poyamba anakana. Anati munthu amene wavota kasanu sathawa dziko ngati wakuba. Koma pa 9 Ogasiti wailesi inalengeza kuti mkulu amene ankayang'anira thumba la penshoni uja wapatsidwa unduna. A Ndendende anamvetsera nkhanizo mpaka kumapeto, za mpira ndi zanyengo zomwe. Kenako anazimitsa wailesi, n'kuchotsa mabatire, n'kuwaika mu tochi.

"Mayi, muuzeni mwana atumize mafomu aja," anatero.

Tsopano 7 koloko inakwana, chitseko chili duu. Pa 7:05 foni inalira.

"Mayi, a Chipewa sanalowe."

A Chipewa anali mnzawo wa shifiti ya masana, amene ankayenera kuwalandira buku lolembamo za pa shifiti.

"Adwala?"

"Ayi, ali pageti chifikire 5:40. Kontrakiti yawo inatha dzulo, yatsopano bwana sanasaine, ndiye dzina lawo mulibe m'pepala la mlonda."

"Aimbireni bwanawo."

"Ndaimba 6:10, 6:30 ndi 7 koloko. Akuti ali ku bwalo la ndege, akukalandira nduna yatsopano ija."

"Nanga enawo?"

"Wina kontrakiti yake yatha limodzi ndi ya a Chipewa. Winayo yake inasainidwa limodzi ndi yanga, koma anapita ku maliro, afika madzulo."

"Ndiye tsekani chitseko mubwere! Bambo, lero ndi lero."

Mapampu akulira kumbuyo kwawo, a Ndendende anati, "Kumtunda kwagwa mvula usiku. Mtsinje wafiira." Anadula foni, chifukwa inali itakwana nthawi yoyang'ana matanki.

Mayi a Nesi sanakhale pansi kuti alire. Anakulunga suti ndi malaya m'pulasitiki, anaika pasipoti ndi masatifiketi m'chikwama, n'kukwera basi ya kutauni. Ofesi ya ejenti inali pamwamba pa sitolo ya matayala. Pa benchi panali amuna 13, onse ovala masuti onunkha m'bokosi, ena akunong'ona mayankho ngati akupemphera. Ejentiyo anali mayi wa magalasi okoleka pa unyolo, amene ankalankhula akuyang'ana pepala.

"Nambala 6 ali kuti?"

"Ali kuntchito, achemwali. Wowalandira sanalowe."

"Onsewa ali ndi ntchito, mayi. Ena anamiza mabwana awo kuti apongozi amwalira. Uyo wamangayo tayi yofiira, apongozi ake amwalira kachitatu chaka chino."

Amuna a pa benchi anaseka, wa tayi yofiira kuposa onse.

"Sangayankhe pa foni ali komweko?"

"Ayi. Akufuna munthu akhale pampando uwu, pasipoti ili m'manja, ine ndikuchitira umboni kuti ndi yemweyo."

"Ndiye asunthireni kumapeto."

"Womaliza ndi 1:30. Ndani angalole kusinthana?"

Bambo wina wa imvi, wokonza magetsi, anakweza dzanja. "Ine ndine womaliza. Ndisinthane nawo, ndichoke msanga."

Ejenti analemba, n'kuvula magalasi. "1:30, mayi. Anthu awa sadziwa zoti basi inachedwa. Ikakwana 1:31 amatseka kompyuta n'kupita kukadya."

Mayi a Nesi anafika pageti la malo oyeretsera madzi 11:20, pa njinga yamoto. Anauza woyendetsayo kuti adikire. A Chipewa anali atakhala pa mwala pafupi ndi mpanda, kabokosi ka chakudya pa maondo, chipewa chawo chansalu chili pamphumi monga mwa masiku onse.

"Alamu, mwabwera kudzawombola mkaidi?" anatero akuimirira. "Ine ndachita kugwada. Mlondayu mtima wake ndi wa simenti."

"Musandinamizire, a Chipewa," mlonda anayankha ali m'kanyumba kake. "Inenso yanga ikutha pa 31. Ndikakulowetsani lero, mawa tikhala awiri pamwalapo."

"Nanga ine ndingalowe?" anafunsa mayi a Nesi.

"Inu ndinu mlendo. Mulemba m'buku la alendo, dzina, nthawi, ndi amene mwadzamuona."

"Ndiye mlendo amalowa, wantchito salowa?"

"Ndi mmene alili malamulo, mayi."

"Chabwino. Awanso ndi mlendo. Adzaona mnzawo. Apatseni cholembera."

Mlonda anayang'ana buku, anayang'ana a Chipewa, anakanda kuseri kwa khutu. Anafufuza m'mutu mwake lamulo loletsa zimenezo, osalipeza. "Koma mulembe mooneka bwino kuti mlendo," anatero.

Mayi a Nesi anali asanalowepo m'kati muno chikwatiwire. Anadutsa matanki anayi aakulu osavindikira. M'thanki yoyamba madzi anali ofiira ngati tiyi wothira mkaka, m'yachiwiri matope ankaundana timibulu n'kumamira, ndipo m'yomaliza munthu ankatha kuwerenga mabawuti a pansi. M'nyumba ya mapampu pansi pankanjenjemera. Amuna awo anawapeza m'kachipinda ka magalasi, atavala ovolosi, akuunika kabotolo ka madzi pawindo. Maso anali ofiira, ndevu zitamera, koma mabatani onse anali omanga mpaka m'khosi. Pa tebulo panali buku lalikulu lachikuto chakuda, lotsegula, manambala ali m'mizere ngati osindikiza.

"Mwalowa bwanji, achimwene?" anafunsa a Ndendende, osatsitsa botolo.

"Ndine mlendo wanu. Mulibe tiyi?"

"Bambo, ndakupezerani 1:30," anatero mayi a Nesi. "Njinga ili pageti. Mukanyamuka 12:45 mufika. Suti iyi. Apatseni a Chipewa bukulo."

A Ndendende anaika botolo pansi, analemba nambala, n'kuyang'ana akazi awo. Nkhope yawo inaoneka kuti yamva kukula kwa zimene mayiwo anachita m'mawa umenewo.

"Mwagwira ntchito, mayi," anatero. "Koma mlendo sindingamupatse buku."

"Mlendo wake uti? Awa si a Chipewa? Simunagwire nawo zaka 17?"

"Zaka 17 ndi miyezi inayi. Ntchito amaidziwa kuposa ine. Koma lero kampani sikuwadziwa."

"Aaa, achimwene, zipepala zimenezo," anatero a Chipewa. "Pitani. Ndithira mankhwala, ndiyang'ana mageji oyezera madziwa, palibe adziwe."

"Mukumukumbuka Wamtali?"

A Ndendende anatembenukira kwa akazi awo n'kufotokoza mwachidule, ngati akuwerenga m'buku. Pa 3 Julaye, patapita masiku atatu kontrakiti ya Wamtali itatha, bwana anamuuza pakamwa kuti azingogwira. Paipi ya kolorini inaphulika, mpweya unamuwotcha m'chifuwa. Anagona m'chipatala masiku 40. Kampani inalemba kuti pa tsikulo sanali wantchito wake, ndipo inafunsa kuti ankafuna chiyani m'chipinda cha mankhwala.

"Makina othira mankhwala okha anafa chaka chatha," anapitiriza. "Tikuthira pamanja. Lero mtsinje ukusintha ola lililonse, ndasintha muyezo kasanu chiyambire 2 koloko usiku. Chikalakwika china, a Chipewa akagona ku polisi, ana awo asanu adya chiyani?"

"Ndiye musalembe dzina langa," anatero a Chipewa. "Mukabwera 3 koloko mudzalembe manambala anga ndi dzanja lanu, ngati munalipo."

"Ndilembe kuti ndinaona madzi amene sindinawaone?"

"Kamodzi kokha, achimwene. Anthu akudya nyumba ya nsanjika 12, inu mukuopa mizere iwiri?"

"Iwonso anayamba ndi mizere iwiri."

Mayi a Nesi anaponya pulasitiki ya suti pa mpando. Mawu anatuluka okha, okwera kuposa mapampu.

"Bambo inu, mukusungira ndani chilungamo chimenechi? Akuberani ukalamba wanu wonse, wakubayo lero akuyenda ndi mbendera pagalimoto, bwana wanu ali ku bwalo la ndege kukamuombera m'manja. Disembala ikatha adzakusiyani pamwala paja ngati a Chipewa. Ine maso ayamba kuchita chidima, ulusi ndimalowetsa mongopenekera. Tidzadya bukulo? Zimitsani mapampuwo maola atatu, anthu aone!"

"Ndikazimitsa, oyamba kuuma ndi a kumtunda, ndipo chipatala chili kumtunda. Thanki yawo ndi ya maola awiri."

"Ndiye asiyeni akuyenda."

"Madzi akachoka pano amafika pa mpopi woyamba pakatha maola anayi. Ndikawasiya ofiira chonchi, 4 koloko ana akuweruka kusukulu amwa zimenezo. Nduna imamwa a m'botolo, mayi. A pampopi timamwa ndife."

Mayi a Nesi anakhala pa benchi n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma. Inali 12:05. A Ndendende anaimbiranso bwana 12:10 ndi 12:30, ndipo ulendo uliwonse ankalemba nthawi m'mphepete mwa buku. Ulendo wachiwiri foni inayankhidwa ndi dalaivala, amene anati bwana ali pa mzere wopatsa moni ndipo sangatuluke. Kumbuyo kwake kunkamveka ng'oma za bandi.

A Chipewa anapita pakona n'kuteleka ketulo. Anasamala kwambiri kuti asakhudze china chilichonse m'chipindamo. Atadutsa pafupi ndi geji ina anaiyang'ana chammbali, n'kutsokomola.

"Ndaiona," anatero a Ndendende, n'kupita kukapotoza valavu.

Pa 12:40 mayi a Nesi anaimirira n'kutulutsa malaya m'pulasitiki. Anawagwira m'mapewa, atatambasula. Amuna awo anawayang'ana malayawo nthawi yaitali. Wotchi inafika 12:45, kenako 12:50. Kunja woyendetsa njinga analiza hutala kawiri. Mayiwo anapinda malaya motsata mizere yake, anatuluka kukamuuza kuti azipita, n'kubwerera.

A Chipewa anali atatuluka ndi kapu yawo, kuti awiriwo atsale okha.

"Ndiuzeni zoona, bambo," anatero mayi a Nesi motsitsa mawu. "Munkafuna kupita, kapena mwapeza pothawira?"

A Ndendende anakhala pansi koyamba chilowere akazi awo. Anavula magalasi n'kutikita maso ndi zala ziwiri.

"Masabata asanu ndakhala ndikuyesera kuyankha mafunso a akuluakulu akunja aja usiku muno, mokweza. Ndimawauza mapampuwa. Pampu nambala 2 inandilemba kale ntchito." Anamwetulira pang'ono, kumwetulirako n'kuzimirira. "Ndinayang'ana pa mapu msewu wochoka kunyumba kwa mwana kupita ku malo awo a madzi. Ndi mphindi 35 pa sitima. Ndinkafuna kukaona makina amene safa. Ndinkafuna inu mukasiye kusoka usiku. Ndinkafuna, mayi."

Mayi a Nesi akanakonda akanamva kuti sankafuna. Zikanakhala zopepuka kukwiya. Anayang'ana bambo amene anakhala naye zaka 31, amene sanabwerepo kunyumba ndi bawuti imodzi ya kampani, atakhala pa mpando wothyoka chotsamira. Anatulutsa buledi ndi mazira awiri owiritsa amene anakonzera ulendo wa kutauni, n'kuyamba kusenda.

"Idyani," anatero. "Musadzagwere m'thanki, anthu n'kumwa inuyo."

1:30 inadutsa. Pa 1:50 foni ya mayi a Nesi inalira. Anali mwana wawo, akuimba ali pa nthawi yopuma kuchipatala kwake. Mayiwo anatuluka n'kukaima pafupi ndi thanki yomaliza.

"Amama, ejenti akuti adadi sanabwere. Chachitika n'chiyani? Ali bwino?"

"Ali bwino. Ali kuntchito." Anafotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira pa geti.

"Amama, mukunena zoona? Miyezi iwiri ndikuthamanga ndi mapepala! Mu Malichi adzakhala atapitirira zaka, palibenso njira ina, ndafufuza paliponse. Ataya zonsezi chifukwa cha kampani imene inawabera? Adadi nzeru zawo zili bwinobwino? Uku ndi kupusa, amama."

"Iwe."

"Ayi, amama, tinene zoona."

"Ndati iwe. Pakamwa pako pasatulukenso mawu amenewo. Ndikufunse, iweyo wokulandira akapanda kubwera, odwala umawasiya pa bedi n'kumapita?"

Mayiwo anasinthira foni ku khutu lina.

"Ndikufunsa."

"Sindiwasiya."

"Unaziphunzira kuti? Kusukulu ya unesi? Unakulira pa mpopi wa bambo ako, sunatsegulepo m'mimba ngakhale chaka cha kolera chija. Unkaganiza kuti madzi amayera okha? Ine ndawakalipira kale, ndipo ndikafika kunyumba ndikawakalipiranso, chifukwa ndi amuna anga. Koma iwe ayi."

Mwanayo anayamba kulira chapansipansi. "Ndiye mutani, amama?"

"Tikhala. Ndigula magalasi, ndizisoka. Madzulo uwaimbire, uwafunse ngati adya. Za ejenti usatchule lero."

Atabwerera m'kachipinda anapeza amuna awo atanyamula kale mabotolo, akupita kukatunga madzi a 2 koloko. A Chipewa anali pakhomo, manja kumbuyo ngati mlendo weniweni, akuwauza kuti thanki yachiwiri ikuoneka bwinoko. Mayi a Nesi anapachika suti pa msomali kuti isakwinyike, n'kukhala pa benchi. Sanapite kunyumba.

Bwana anatulukira 5:25, atavala malaya a chipani pamwamba pa suti, n'kusaina makontrakiti awiri ataimirira pa boneti ya galimoto. Anafunsa ngati panali vuto lililonse. A Ndendende anamupatsa buku kuti awerenge yekha, ndipo bwanayo anangoyang'ana tsambalo n'kulibweza msanga.

Wa shifiti ya usiku anali asanafike kuchokera ku maliro, choncho wolandira buku anali a Chipewa, amene tsopano anali wantchito mpaka pa 31 Disembala. Anayenda awiriwo thanki ndi thanki, geji ndi geji, wina akutchula nambala, wina akuvomera. Kenako a Ndendende analemba mzere womaliza, akazi awo akuwerenga kumbuyo kwa phewa lawo: "5:52 madzulo. Ndapereka kwa wondilandira. Maola 23, mphindi 52. Madzi ali bwino."